Ku Luchenza, pomwe panali sitolo ya khonde lofiira

Lolemba

Minibasi yodzera ku Thyolo yachedwa kudzadza pa depoti ya Limbe, ndiye tanyamuka dzuwa litakwera kale. Zodzera msewu wa Midima zimafika msanga ku Mulanje, koma ine ndimafuna kutsikira pa Luchenza penipeni.

Chandiyendetsa ndi kasitolo kena. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anali telala, ndipo makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina ku Luchenza kuyambira nthawi ya chitaganya mpaka m'zaka za m'ma 1970. Mwezi wathawu amalume anandiuza pafoni kuti sitoloyo aigwetsa. Anangotchula modutsa, pakati pa nkhani ya feteleza ndi ya fizi ya mdzukulu wawo. Nditafunsa ngati wina anaijambulako isanagwe, anaseka nkunena kuti, "Ajambule chiyani, chigumula?"

Pa Bvumbwe mavenda atizinga monga mwa masiku onse, kabichi ndi karoti kulowera pawindo munthu usanafunse mtengo. Kupitirira apo minda ya tiyi yayamba, amayi ndi abambo madengu kumsana, manja ali pakalikiliki. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi amadandaula za nthochi njira yonse, akuti chisaka chinapululutsa minda yawo moti anthu a ku Thyolo, eni nthochi, anafika pomagula nthochi zochokera kunja. Titadutsa pa boma msewu wayamba kutsetsereka, phiri la Mulanje laonekera kutsogolo mitambo itaphimba nsonga.

Amalume ndawapeza akundidikira pa siteji, atagwirira kale akabaza awiri. "Wafika, mphwanga? Za sitolo yakoyo mawa. Lero ukadye kaye, amayi ako aang'ono aphika kalongonda."

Lachiwiri

Tapita m'mawa. Malowo ali mumsewu waukulu wa tauniyi, pamzere wa masitolo akale aja amakonde a zipilala. Pakati pa awiri omwe adakaimabe pali mpata, ngati dzino lozuka m'kamwa. Kumbuyo kwa mpatawo amisiri ayamba kale kukumba maziko atsopano, ndipo mabuloko a simenti aunjikidwa pambali. Mnyamata woyang'anira ntchitoyo watiuza kuti pamangidwa timashopu ting'onoting'ono tobwereketsa, ta zitseko zachitsulo.

Amalume sanafune kumva zambiri za timashoputo. Analowa pamalopo nkuyamba kuyenda ndi mapazi, kundisonyeza chilichonse pomwe chinali. Khomo linali apa, la zitseko ziwiri zamatabwa, lotsekera ndi mpiringidzo m'kati. Ukangolowa unkagunda kauntala, yotalika kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo. Kuseri kwake mashelefu mpaka kudenga: kumanzere nsalu, biriwita, bafuta, khaki ya yunifolomu, zitenje, kumanja makasu, nyali za galasi, mapoto, machesi, sopo wodula. Mabulangete ankalendewera pa waya. Mchere ndi shuga zinali m'matumba pansi pafupi ndi sikelo, ndipo diramu ya palafini inali pakona, dala kutali ndi shuga. Kuseri kwa mashelefu kunali kachipinda kosungira katundu, kenako zipinda ziwiri zomwe banja lonse la mmwenye linkagonamo, kenako bwalo la mpanda. Nditayesa ndi mapazi anga, chipinda chogulitsiracho chikanakwana m'kalasi imodzi ya pulayimale nkutsalako malo. Amalume akuti ali mwana ankachiona chachikulu zedi.

Chomwe chinagwetsa nyumbayi sichovuta kuchiona. Ndatola chidutswa cha khoma: njerwa ndi zootcha bwinobwino, koma pakati pake ndi dothi lokhalokha, simenti inali ya pulasitala basi. Nyumba yotere imalimba malinga denga likhale losadontha. Chiswe chitadya mitengo ya denga, malata nkuyamba kusekerera, madzi analowa m'khoma, ndipo mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inadzangomaliza. Khoma la kumbuyo linafufuma nkung'aluka. Mwini wake watsopano sindingamunene. Malata akalewo, okhuthala aja, akuti anthu anachita kulimbirana kugula.

Koma khonde silinathe lonse. Simenti yake ikadalipo chigawo china, ndi masitepe awiri okwerera, ndipo ukapukuta fumbi ndi dzanja kufiira kwa polishi kukuonekabe m'ming'alu. Amalume anagwada kumapeto kwake, nkukolopa ndi chipewa chawo. Panali timaenje tinayi tosazama, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, tosalala m'mphepete. Ndi pomwe miyendo yachitsulo ya makina inkaponda. Munthu akamapalasa makina a phazi tsiku lonse, makinawo amanjenjemera, ndipo zaka zikachuluka chitsulo chimadya simenti. Ndaikamo chala: timaenje ta mbali ya gudumu ndi tozamirapo kuposa tinzake.

Malonda ake ankayenda chonchi. Munthu ankagula nsalu m'kati, mayadi atatu kapena anayi, nkutuluka nayo pakhonde pomwe telala ankamuyeza pompo. Mmwenye ankadziwa kuti nsalu imayenda msanga ngati telala ali pakhomo, telala nayenso ankadziwa kuti makasitomala ali pomwe pali nsalu. Makina oyamba anali a mwini sitolo, ndipo agogo anachita kuwagula pang'onopang'ono, kudula pa malipiro awo. Mwezi ukatha, a m'maesiteti a tiyi akalandira, agogo ankasoka mpaka usiku ndi nyali. Lamulo la kavalidwe la 1973 litaletsa amayi kuvala mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, ntchito inachuluka: kumasula mipendero, kulumikiza nsalu kumunsi kwa madiresi. Ndiye panalinso nsalu za nkhope ya Kamuzu zosokera mbumba msonkhano ukayandikira, zomwe telala ankadula mosamala kwambiri kuopa kuti sizasi ingadutse pankhope.

M'kati mwa sitolo munthu wakuda ankaima mbali imodzi yokha ya kauntala, kugula nkutuluka. Pakhonde ndi pomwe ankakhala. Obisala mvula, odikira basi, ofuna wina awawerengere kalata yochokera ku Joni kapena ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, onse ankathera pamenepo. Wailesi ya Nzeru ya agogo inkalendewera pa msomali pa chipilala, ndipo amalume akuti mpira ndi mauthenga a maliro anthu ankamvera pomwepo. Ine ndikuona kuti wofuna kulemba mbiri ya tauni ngati ino akangofufuza maina a eni masitolo ndi malaisensi awo, adzakhala walemba za anthu ochepa kwambiri mwa omwe ankagwiritsa ntchito nyumbazi.

Mnyamata wa ntchito uja wati khondelo aliswa sabata ya mawa. Timashopu tatsopanoto tilibe khonde, malo ake akuti ndi okwanira shopu ina.

Lachitatu

Mvula yawaza kuyambira usiku, tatuluka masana okha kupita ku siteshoni ya sitima. Sitima sindinaionepo, mbuzi zokha zikudya udzu pakati pa njanji.

Komatu tauni ino inabadwa ndi njanjiyi. Njanji ya Shire Highlands yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo Luchenza inakhala siteshoni yokwezerapo tiyi wa ku Mulanje ndi madera ozungulira. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, katundu ankachoka pa doko la Beira mpaka pano osatsika m'sitima. Amwenye amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu, analowa m'dziko muno kudzera njira yomweyo ya kumunsi kwa Shire, ndipo boma la atsamunda la Harry Johnston linkawalimbikitsa kubwera. Pomwe pali siteshoni ndi anthu olandira malipiro, sitolo inkamera. Anthu olandira malipirowo kuno anali ambiri, makamaka Alhomwe omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique nkukhala m'maesiteti pa thangata.

Tikubwerera amalume anandikumbutsa ndalama zakale: kobiri loboola pakati lomwe ana ankalimanga pachingwe, tiki, sheleni. Kwacha itabwera mu 1971, sheleni imodzi inasanduka 10 tambala ndipo paundi inasanduka K2, koma agogo akuti anapitiriza kutchula mitengo yosokera m'masheleni mpaka kumwalira kwawo.

Lachinayi

Lero ndiye tsiku lomwe ndamva zambiri. Amalume ananditengera kwa bambo wina wachikulire yemwe ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitolo muja, kusesa, kunyamula mabelo, kuyeza palafini. Tawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa. Mlongo wawo, gogo wina wolankhula mosapsatira, anabwera ndi mpando wake atamva kuti kwabwera mdzukulu wa atelala.

Awiriwa sagwirizana pa za mmwenye uja, ndipo zikuoneka kuti mkanganowu ndi wakale. Bambowo akuti anali munthu wouma manja. Malipiro ochepa, tsiku lopuma Lamulungu masana okha, ndipo poyeza nsalu chala chachikulu chinkabwerera m'mbuyo pang'ono pa yadi iliyonse. "Ine ndinkaona, mwanawe, ndinali kuseri kwa kauntalako. Ukagula mayadi sikisi, dziwa kuti kachidutswa katsala." Gogoyo anawadula pakamwa. "Achimwene, nanga bafuta wa maliro a amayi munakamutenga kuti pakati pa usiku? Anakutsegulirani ndani? Munalipira liti?" Bambowo anayankha kuti analipira, mpaka tambala yomaliza, ndipo zinalembedwa m'buku. Gogoyo anati inde munalipira, koma chimanga chitacha. Kenako anatembenukira kwa ine nkuyamba kusimba za basela, kuti mwana ukatumidwa mchere unkabwerako ndi switi m'kamwa, ndiye ana ankakanganirana kutumidwa.

Ine sindinaone chifukwa chosankhira mbali. Zonse ziwiri zikhoza kutuluka mwa munthu mmodzi, ndipo ngongole ya bafutayo inalinso njira yogwirira kasitomala kuti asapite sitolo ya pafupi.

Pa za kuchoka kwake ndiye amagwirizana. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye asiye malonda m'madera a kumidzi kuti Amalawi atenge malo awo, ndipo pofika 1978 anali atawaunjika m'mizinda ikuluikulu, ku Blantyre ndi Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Sanawapirikitse m'dziko monga anachitira Idi Amin ku Uganda mu 1972, komabe mabanja ambiri anaona kuti zinthu zasintha nkupita ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester. Bambowo akuti lole inabwera m'mawa, iwo eni nkukweza mabedi ndi masefa, ndipo chithunzi cha Kamuzu chomwe chinkapachikidwa pamwamba pa china chilichonse m'sitolomo chinatsala pakhoma pomwepo. Palibe amene analimba mtima kuchitsitsa.

Anagula sitoloyo ndi munthu wakonkuno yemwe anabwera ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Anthu anasangalala, ndipo kusangalalako kunali ndi chifukwa: kwa zaka zambiri mwana wa m'dziko muno ankathera pakhonde kapena pa kagolosale ka kumudzi, malonda enieni ali m'manja mwa azungu a Mandala ndi Kandodo ndi amwenye. Koma nyumba yokha si malonda. Mmwenye uja katundu ankatenga pangongole kwa abale ake a maholoselo ku Limbe, nkumabweza akagulitsa. Mwini watsopanoyu analibe m'bale ku Limbe. Boma linali litakonza masitolo a Chipiku kuti azipikulitsa katundu kwa ogulitsa a kumidzi, koma kumeneko umapita ndi ndalama m'manja. Kwinaku achibale akubwera kudzatenga shuga ndi sopo "tidzapereka", ndipo mkamwini sangakanize apongozi. Bambowo akuti mashelefu anayamba kuyera kuchokera pamwamba. Poyamba nsalu zinatha, kenako makasu, mpaka munatsala machesi, mchere ndi mabotolo a Fanta otalikirana kuti shelefu ioneke yodzadza.

Nsalu zitatha m'kati, telala pakhonde analibenso chodikira. Agogo ananyamula makina awo pa wilibala kupita nawo kumsika. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe mayi anga amanena kuti kwawo umphawi unalowa chaka chomwe anzawo ankavina kuti masitolo abwerera kwa eni dziko.

Pambuyo pake nyumbayo inadutsa m'manja ambiri. Inakhalapo tiyirumu, inakhalapo mosungira chimanga cha mavenda, nthawi ya matipate inakhala ya vidiyo ana nkumasuzumira m'ming'alu ya zitseko, ndipo pomaliza mpingo wina unkapemphereramo mpaka denga litayamba kudontha pa guwa.

Tili pakati pocheza gogo uja anati, "Kodi kauntala ija mwamuonetsa mwanayu?" Inali kwa kalipentala wina kuseri kwa msika, yemwe anaigula pomwe ankagwetsa. Taipeza ataigoneka pa zidutswa za njerwa, akupalirapo matabwa. Ndi thabwa lokhuthala, lakuda ndi mafuta a manja a anthu, m'mphepete mwa mbali ya ogula mwatha mozungulira chifukwa chotsamira. Mbali ya wogulitsa muli timisomali ta mkuwa tokhomedwa pamzere, mitu yake yasalala mpaka kufanana ndi thabwa. Bambo aja anayendetsa chala: apa kota, apa hafu, apa yadi. Kalipentala anatulutsa tepi yake nkuyeza kuchokera msomali woyamba mpaka womaliza. Inakwana mainchesi 36 ndendende. Gogoyo anaomba m'manja, koma mchimwene wawo sanagonje. "Ndinati chala, sindinati misomali."

Amalume anafunsa mtengo wa thabwalo. Kalipentala anakana, akuti thabwa louma chonchi, losapindika, sangalipezenso pena paliponse, ndipo akuligwiritsa ntchito. Ndinaona kuti ali bwino pamenepo kusiyana nkuti likaime m'chipinda kwa amalume likudyedwa ndi chiswe.

Usiku ndakhala ndikuganiza kuti nkhani ya 1978 sinathere pomwepo. Mu 2012 kunabwera lamulo loletsa amalonda akunja kuchita malonda kunja kwa mizinda ikuluikulu, ndipo omwe anakhudzidwa kwambiri anali Matchaina. Mu 2023 boma linasamutsa othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni, ambiri a ku Burundi ndi Rwanda omwe anali ndi magolosale, kuwabwezera ku Dzaleka ku Dowa. Nthawi zonsezi mawu amakhala amodzimodzi, akuti malonda ang'onoang'ono ndi a eni dziko. Sindikutsutsa kuti Mmalawi ayenera kupeza mpata. Koma funso lomwe linagwetsa munthu wa ku Joni uja, loti katundu akamutenga kuti ndipo adzamukongoza ndani, sindimalimva likufunsidwa mokweza ngati mmene timakuwira kuti achoke.

Lachisanu

Ndatsanzika m'mamawa, amayi aang'ono atandimangira nandolo ndi chinangwa. Ndabwerera njira ya Midima.

Ndisanapite kunyumba ndinadzera ku Mandala ku Blantyre. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes yomwe inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zomwe zikadaima m'dziko muno. Ndi yotetezedwa ndi boma, ndipo m'chipinda cha pamwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Nayonso ndi nyumba ya amalonda, nayonso ili ndi khonde lozungulira. Ndi bwino kuti inasungidwa. Kungoti agogo a ambiri a ife sanapondepo pakhonde limenelo. Malaya awo oyamba, khasu lawo, bafuta wa maliro awo, zinachokera m'timasitolo ngati ka ku Luchenza kaja, ta ku Thondwe, ku Namadzi, ku Ntcheu, ku Balaka, ndipo timeneti tikugwa kamodzikamodzi popanda ngakhale wojambula ndi foni. Sindikunena kuti tonse tisungidwe, ambiri ndi ming'alu yokhayokha. Koma mphunzitsi wa mbiri pa sekondale iliyonse atatuma ana a Fomu 3 kukayeza sitolo imodzi yakale ya pa tauni yawo, kuijambula, ndi kufunsa agogo awiri omwe sagwirizana, tingakhale ndi kena kake.

Masana ndinatsikira ku Limbe, komwe ambiri mwa amwenye ochotsedwa kumidzi anadzathera. Kumeneku masitolo a makonde akadalipo mizere, ena akale kwambiri, ndipo pamakoma ena mukuonekabe nyenyezi yofiira, chizindikiro chomwe chinayamba nthawi ya Kamuzu choti nyumbayi yakalamba, ikonzedwe kapena igwetsedwe. Zina zakhala ndi nyenyezi yawo zaka zambiri, malonda nkumachitika pansi pake.

Pakhonde la imodzi mwa zoterezi ndinapeza telala, makina ake a phazi, ndipo ndinamupatsa thalauza lomwe ndinagula pa kaunjika kuti alidule miyendo. Ndinamufunsa ngati amasokabe zovala kuchokera ku nsalu ya m'sitolomo. Anati mwa apo ndi apo, mayunifolomu sukulu zikamatsegulira ndi zitenje za ukwati, koma ntchito yambiri masiku ano ndi yochepetsa za kaunjika ndi kuika zipi. Khondelo amalipira pamwezi, ndipo m'sitolomo simugulitsidwanso nsalu, muli mafoni ndi masipika. Nditamulozera nyenyezi ili pamwamba pa mutu wake, sanadzutse nkomwe maso pa singano.

"Imeneyo ndinaipeza, bwana. Akadzabwera ogwetsa ndinalankhula kale ndi mwini khonde lina kumunsi uku, pafupi ndi msika. Imani bwino ndikuyezeni, mukufuna lifike pa nsapato kapena pa kakolo?"